Zisa zimene ndinamangira mbewa

"Anakutumani ndani kuti muzizimangira zisa, amalume? Ndani?"

Amene ankandikalipira choncho ndi mtsikana wa kutchalitchi kwathu ku South Bend. Tsopano ankachita digiri yaikulu ku Indianapolis, ndipo ndi iye anandipezera ntchito yosamalira mbewa mu labu yawo, m'chipinda chapansi chopanda mawindo.

Ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinamuuza kuti mbewa ndinayamba kukumba ku Mchinji iye asanabadwe, asandiphunzitse.

"Si zapampani izi! Chisa chilichonse chili ndi dzenje la chala chanu chachikulu pakati. Mumayesa sindiona?"

Mbewazo anazisintha chibadwa, kuziika jini, kambewu ka chibadwa cha munthu koyambitsa matenda oiwala. Lolemba lililonse ndinkaponya kachidutswa ka thonje lotsendera m'keji iliyonse. Mbewa yabwinobwino imaling'amba n'kumanga chisa. Yodwala imangolinunkhiza, n'kukagona pakona ikunjenjemera. Lachiwiri mtsikanayu ankabwera kudzapereka malikisi pa chisa chilichonse, kuti adziwe ngati mankhwala amene ankayesa akuthandiza. Mwina anandifotokozera tsiku loyamba, m'Chingerezi chothamanga chija. Sindinamve.

Chimene ndinkaona ine pofika m'mawa ndi bambo anga. Anamwalira ndili ku South Bend, mapepala anga okhalira m'dziko muno asanatuluke, maliro sindinapite. Mlongo wanga ankandiuza pafoni kuti madzulo ankaima ndi mphasa m'manja, osadziwa kuti imayalidwa bwanji. Anthu ankati awalodza. Ndiye ndikapeza kambewa kokalamba katakhala pambali pa thonje lake, ndinkavala magolovesi, kuling'amba, kuliunjika bwinobwino, n'kukaikamo. Miyezi isanu ndi iwiri ndikuchita zimenezi.

"Zomwa mankhwala ndi zosamwa, zonse zikumanga bwino," anatero mtsikana uja, mawu atatsika. "Ndikanena zoona kwa apulofesa, akuchotsani ntchito. Ndikabisa, ndiye kuti ndalemba bodza, ndipo wina adzamwetsa bambo ake mankhwala potengera bodzalo. Ndichite chiyani, amalume?"

Ndinamenya chitseko n'kutuluka. M'basi yopita ku Lafayette Road manja anga ankanunkhabe utuchi wa m'makeji, ngakhale ndinasamba kawiri. Mpaka lero, ndikaona thonje m'botolo la mapilitsi, ndimalitaya osaliyang'ana.

M'mawa mwake sindinatsikire pansi. Ndinakwera kwa apulofesa ndi pepala la manambala a makeji onse amene ndinagwira, n'kuwauza kuti mwanayo sankadziwa kanthu. Anandifunsa chifukwa chake. Ndinati ndinkaona ngati zikumva kuzizira. Kenako ndinavula khadi lolowera pakhomo, n'kuliika patebulo pawo asanalipemphe.