Zigubu za a Msaiwale

A Lamson Msaiwale akayamba nkhani ya boma ndi msika, tiyi amazizira m'kapu. Amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Armadale mumzinda wa Perth, ndipo ngakhale agogo achizungu amene amawasambitsa anaimva kale mfundo yawo: boma lisagwire chinthu chogulitsa. Magetsi, gasi, petulo, zonsezo liwasiyire amalonda azipikisana. Chisankho cha Western Australia chikayandikira ndiye sagwirika. Lamulungu akatuluka m'tchalitchi ku Mirrabooka amamukola mnzawo Luwayo pakati pa magalimoto.

"Perth yonseyi nyumba zizigula magetsi kukampani imodzi ya boma, mukuti ndi nzeru zimenezo? Za malasha a ku Collie agamule ndi msika, osati nduna."

"Nanga gasi mukuphikirayo?" amatero Luwayo. "Si boma lomwelo linalamula kuti wina azitsala konkuno asanapite kunja?"

Apo a Msaiwale amapukusa mutu n'kuthawira kwathu, ku 2011. Amanena za boma lomanga mtengo wa kwacha ndi wa mafuta mpaka mafutawo anasowa, za mizere ya magalimoto ya masiku atatu ku Lilongwe, za anyamata ogulitsa petulo wosakaniza ndi palafini kuseri kwa magolosale. Luwayo nayenso anaima m'mizere yomweyo, koma amangowasiya, poti munthu wotere sumumaliza.

Chimene Luwayo sankadziwa n'chakuti mlaliki wa msikayu sankaukhulupirira msikawo mpaka mumtima. Lachiwiri lililonse, tsiku limene petulo amatsika mtengo ku Perth, ankadzaza galimoto n'kudzazanso chigubu. M'galaja ya nyumba yawo ya lendi munali zigubu khumi ndi ziwiri, zofundidwa katani wakale. Mayi wa kuofesi yoyang'anira nyumbayo akamabwera kudzayendera, a Msaiwale ankazibisa m'galimoto n'kukaiimika kumsewu wina. Mwezi wa Febuluwale, dzuwa likuswa mtengo, anasokoneza masiku a shifiti. Mayiyo anabwera iwo ali kuntchito, anamva fungo, n'kuvundukula katani uja.

Kalata inabwera mawa lake. Anawapatsa masiku khumi ndi anayi kuti mafuta onse achoke, apo ayi pangano la nyumba silidzawonjezeredwa.

Akazi awo, a Gladness, ndi namwino, ndipo salankhula zambiri. Anaika kalatayo patebulo. Nyumba imeneyi anaifunafuna miyezi isanu, akugona ndi mwana wawo Connie m'chipinda chimodzi kwa Luwayo, ndipo nyumba iliyonse yomwe ankapita kukaona ankapezako anthu makumi atatu.

"Bambo a Connie, ine zobwerera m'chipinda cha eni ake ayi. Musankhe, nyumba kapena zigubu."

Sabata yoyamba a Msaiwale sanakhazikike. Ankalowa m'galaja, kutuluka, kulowanso. Anaganiza zokazisungitsa kwa mnzawo wina wa ku Canning Vale, koma mnzawoyo anaseka mpaka kutsokomola. Anaganiza zokumba dzenje kuseri kwa nyumba. Analemba kalata ya masamba awiri yofotokoza kuti munthu ali ndi ufulu pa katundu amene wagula yekha, ndipo Connie ataiwerenga anangoti, "Dad, no." Kuntchito anamuveka gogo wina malaya chotembenuza. Chakudya sichinkalowa.

Lamulungu lachiwiri anagonja. Ananyamula zigubu m'galimoto mpaka ku Mirrabooka, ndipo mapemphero atatha anayamba kuthira m'magalimoto a abale ndi alongo mmodzimmodzi, kwaulere. Luwayo sakanaulekerera mwayi wotere.

"Abale, bwerani mudzaone! A msika waufulu akugawa ngati makuponi a feteleza!"

Anthu anaseka, iwo anasekako pang'ono chabe. Amene anali ndi maso akanaona kuti zigubu zopanda kanthu zimene anabwerera nazo zinali khumi ndi chimodzi.

A Gladness anali nawo maso. Masana a tsiku lomwelo, mawa lake mayi wa kuofesi uja akubweranso kudzayendera, anachipeza chigubu chotsalacho m'kabati ya kuchipinda chochapira, kuseri kwa matawulo. Sanakalipe. Anachinyamula n'kukachiika pakati pa galaja, pamene amuna awo ankakolopa simenti kuti fungo lichoke.

"Ichi chokha, mayi a Connie," anatero a Msaiwale. "Chimodzi chokha. Sachiona."

"Achiona. Ndipo mukudziwa kuti achiona. Kuno mafuta anayamba asowapo liti chibwerereni?"

"Kwathunso sankasowa."

Anasiya chokolopera n'kukhala pansi, pasimenti yonyowayo. Nkhani imene ananena kenako a Gladness ankaidziwa, poti anali pamaliropo, koma pazaka zonsezi anali asanaimvepo m'kamwa mwa amuna awo. Mu Julayi 2011 amayi awo a Msaiwale anadwala mwadzidzidzi ku Mponela. Mlongo wawo anaimba foni m'mawa. Galimoto inalipo, makiyi ali m'manja, koma inali pamzere wa mafuta tsiku lachiwiri, thanki ili gwa. A Msaiwale anathamanga Area 25 yonse ku Lilongwe kupempha malita khumi okha. Anawapeza cha m'ma 3 koloko masana, ndipo akufika kumudzi anapeza azimayi a m'mudzimo akhala kale pakhonde, akulira maliro.

"Ndikanakhala ndi chigubu chimodzi m'nyumba," anatero, "amayi akanafika kuchipatala. Za boma, za msika, ndimangolongolola ine. Ndimaopa, mayi a Connie. Ndikaona kasingano ka mafuta katsika, mtima umandithawa."

A Gladness anakhala nawo pansipo, diresi la kutchalitchi likunyowa. Sanawauze kuti si mlandu wawo, poti anthu anawauza kale zimenezo ndipo sizinathandize. Patapita nthawi anadzuka, anabweza galimoto yawo yopitira kuntchito mpaka pakhomo la galaja, n'kutsegula pothirira mafuta.

"Thirani muno. Ipita kuchipatala mawa ndi ine."

A Msaiwale ananyamula chigubucho ndi manja onse awiri. Petulo wina anatayikira pansapato, ndipo misozi sanaibise. Anathira mpaka dontho lomaliza, anachigwedeza, n'kukhalabe atachiweramitsa choncho kwa kanthawi, ngakhale munalibenso kanthu.