Khoma Linagwa ku Msundwe

Inu amene dzina lanu linaipa pa mlandu umene simunapalamule nokha, tamvani za Hilario wa ku Nsaru.

Mu Januwale 2019, Hilario anaima m'khoti mutu uli pansi. Anali mmisiri womanga nyumba. Khoma la nyumba yosungiramo mtedza imene anamangira a Simeon ku Msundwe linali litagwa ndi mvula n'kuthyola mwendo wa mlonda.

Chimene chinachitika n'chakuti pulani inkafuna bimu pamwamba pa mawindo, lamba wa konkire uja amagwira makoma pamodzi. Ntchito ili mkati, a Simeon anabwera n'kuti, "Bimuyo isiyeni, simenti yakwera. Pitirizani njerwa."

Kontilakiti imene Hilario anasaina inali ya Chingerezi, ndipo sanaiwerenge. Ndime ina inkati kusintha kulikonse kwa pulani kulembedwe, mwini nyumba asaine. Koma ngakhale akanadziwa, ndani kwathu kuno angauze munthu ngati a Simeon, mkulu wa mpingo, mboni ya ukwati wake, kuti "lembani zimene mwanenazi"? Umenewo timati mwano. Hilario anangoti, "Chabwino, bambo."

M'khoti a Simeon anakana zoti anamuletsa kuika bimu, maso ali gwa. Woweruza anafunsa Hilario funso limodzi lokha: "Kodi pepala losonyeza kuti munauzidwa kusintha pulani lilipo?" Panalibe.

Mlandu unamugwera. Ngolo ndi ng'ombe zake ziwiri zinapita polipira mlanduwo, koma chowawa kwambiri chinali dzina. Pa Nsaru anayamba kumutchula Chigwetsa. Zaka zinayi palibe anamupatsa ngakhale chimbudzi choti amange. Ankachita ganyu youmba njerwa kwa amisiri amene iye yemwe anawaphunzitsa ntchito. Ine zimenezi zimandipweteka mpaka lero.

Mkazi wake, Benedeta, amene analekeza Fomu 2, sanataye kontilakiti ija. Masana akamaswa mtedza pakhonde ankaiwerenga ndime ndi ndime. Mawu ovuta ankakafunsa mphunzitsi wina wa pafupi, n'kuwalemba m'kope m'Chichewa: kuti kwa chaka chathunthu nyumba itatha, mng'alu uliwonse amakonza ndi mmisiri, kuti zapakamwa m'khoti zilibe mphamvu ngati zolembedwa. Hilario ankaloweza, nthawi zina monyinyirika. Benedeta anamwalira mu 2022, asanaone mwamuna wake akuyalanso njerwa.

Chaka chotsatira, a Ezeliya, mayi wamalonda wa ku Namitete, anamuitana kuti awamangire sitolo, poti amisiri ena anali otanganidwa. Inali ntchito yake yoyamba chigwereni khoma lija. Makoma atafika pamwamba pa mawindo, mayiwo anati, "Bimu tiisiye, eti? Zitsulo zadula."

Hilario anatulutsa kope lija. Ankadziwa kuti akachotsedwa pano, palibenso angamuitane.

"Mayi, popanda bimu ine sindimanga. Zina mukafuna kusintha, tilembe musaine."

"Kodi simukundikhulupirira?"

"Ndikukukhulupirirani, mayi. Koma ndinakhulupirirapo ena."

Anamuchotsa tsiku lomwelo, mmisiri wina n'kumalizitsa. Hilario anabwerera m'matope, anthu akumuseka kuti Chigwetsa wayamba uloya, wayamba kuphunzitsa mabwana malamulo.

Mvula ya chaka chimenecho sinasewere. Sitolo ija inang'aluka kuchokera pawindo mpaka kudenga. Mmawa wina a Ezeliya anatsika minibasi pa Nsaru, n'kumupeza Hilario ali ndi chikombole m'manja, matope mpaka m'mawondo.

"Kope lija mukadali nalo?" anafunsa mayiwo. "Cholembera ndabwera nacho."

Lero Hilario amamanga ku Namitete ndi ku Kabudula, ndipo ali ndi antchito asanu ndi mmodzi. Sasaina chimene sanamve, ngakhale mwini ntchito akhale wa imvi. Mlonda uja amatsimphinabe, ndipo Benedeta sanaone chilichonse cha izi. Kope lake linang'ambika m'mbali, koma Hilario amayenda nalo pa ntchito iliyonse.

Ndiye inu amene akukusekani lero, musafooke, dzina limamangidwanso. Koma akakupatsani pepala, khalani pansi mulimve kaye, ndipo musachite manyazi kuuza wamkulu kuti alembe. Ulemu ndi wabwino, koma sugwira khoma.