Nsalu Yokagona Nayo Mama Upokoina

Pachilumba chathu cha Atiu pano simungapeze mayi amene sanalawepo lilime la Mama Upokoina. Ine Tutai ndinakhala nawo m'gulu la amayi osoka zaka makumi atatu, ndipo ndinene mosapsatira, sindinkawakonda. Koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Iwo ndiwo ankajambula ndi kudula maluwa a tivaevae, nsalu zathu zikuluzikulu zopetedwa zija, ndipo pachilumba chonse panalibe wogwira sizasi ngati iwo.

Unkati wapeta duwa lako sabata yathunthu, iwo n'kungoliyang'ana kamodzi, basi ayamba kuzula ulusi.

"Tutai, wapeta ndi manja kapena ndi mapazi? Yambiranso."

Mwana analibe. Amuna awo anapita kokawedza ndi bwato osabwererako. Tivaevae zonse zimene anasoka zinathera kwa ana a eni, pamaukwati ndi pamwambo wometa tsitsi, kupatula imodzi yobiriwira ya maluwa ofiira. Imeneyo anaipeta okha zaka zisanu ndi ziwiri, naitsekera m'bokosi. Inali yodzawakulungira tsiku lolowa m'manda, ndipo tonse tinkadziwa.

Kenaka kunatulukira Moeroa, mwana wa mlongo wawo, wosoka madiresi a anthu olemera ku Auckland. Anachoka kuno ali ndi zaka zinayi, n'kubwera ndi pakamwa pa uchi.

"Azakhali, mundibwereke miyezi iwiri yokha. Dziko lione luso la amayi athu."

Nkhalamba yokanika ija, imene inkatikaniza ngakhale kuinunkhiza nsaluyo, inakomedwa ndi mawu n'kutsekula bokosi. Palibe anaganiza zomuuza mtsikanayo kuti tivaevae ikatha kusokedwa sizasi siiyandikiranso. Kuno ndi mwana yemwe amadziwa zimenezo.

Patatha miyezi isanu Moeroa anabwera ndi azungu awiri ojambula zithunzi, natisonkhanitsa m'holo ya tchalitchi. Analankhula zambiri za ulemu wa amayi a m'zilumba, ife tikuyasamula. Kenaka anatsekula chikwama. Munatuluka diresi lalitali, losokedwa ndi tivaevae ya Mama ija, msana wonse pamtunda, long'ambika m'mbali mpaka m'ntchafu. Akuti linavalidwa ndi mtsikana wina woonda ngati bango, anthu akuluakulu n'kuimirira kuwomba m'manja.

Maso a Mama anali atachita ng'ala, ndiye analipapasa ndi zala, duwa ndi duwa, mpaka anafika pamene duwa lalikulu linadulidwa pakati.

"Yotsalayo ili kuti?"

"Tinali tizidutswa chabe, azakhali. Tinataya."

Mama analikwatula diresilo, nalipinda, n'kukhalapo.

"Azakhali, mukulikwinya! Likudikiridwa ku Wellington limenelo, kunyumba yoonetsera zinthu zakale. Dzina lanu alilemba pagalasi."

"Dzina langa adzalilemba pamanda, galu iwe. Unandifunsa kuti ndidzagona m'chiyani? Uwauze azungu akowo ajambule pamene ndakhalapa."

Anapita nalo kwawo atalipanira m'khwapa. Moeroa analira, anatuma abusa, anaimba foni mpaka kutopa, koma Mama sanasunthike.

Kupeta ina sakanatha, singano sankaionanso. Ine ndinameza mkwiyo wa zaka zonse zija n'kupita kukawauza kuti gulu liwasokera yatsopano.

"Ndikagone pa mfundo zako mpaka tsiku lachiweruzo? Ndikadzafa, nsalu ya wina isadzandikhudze. Choka, ukunditchingira mphepo."

Ndinachoka ndikutukwana chamumtima, ndipo sindinapondekonso.

Anamwalira chaka chisanathe. Moeroa anatsika ndege yoyamba, atanyamula bulangete loyera la mtengo wapatali. Anatipeza tikusambitsa thupi, diresi lili pampando.

"Amayi, chonde, afunditseni ili. Diresilo si la munthu mmodzi, ndi mbiri yathu tonse. Mukalikwirira latha."

"Ndiyo ntchito yake imeneyo," ndinatero. "Tasuntha."

Vuto linali lakuti Mama anali mayi wathupi, ndipo diresi losokera bango silikanawalowa ngakhale mkono umodzi. Ndinatenga sizasi yawo yomwe, n'kulidula kuchokera m'chiuno mpaka kumpendero. Moeroa anakuwa ngati ndadula iyeyo. Tinalitambasula n'kuwakulunga, tikukokera uku ndi uku, koma nsaluyo inangofika m'mawondo.

Apo ndiye misozi inanditsika, ine amene ndinalumbira kuti maliro amenewa sindidzalira. Mayi amene anafunditsa theka la chilumba, miyendo ili pamtunda.

Moeroa anafuna kuthawira panja. Ndinamugwira dzanja, n'kumukokera kumapazi kwa azakhali ake.

"Unkafuna dziko lione. Yamba iweyo."

Sindinamusiye mpaka azibambo analowa ndi chivundikiro cha bokosi la maliro.