Tsiku Limene Ndinamuyang'anitsa Mulungu Nsapato

Ndikukumbukira tsiku lake ndi ola lomwe. Linali Lachiwiri, pa 7 February, nthawi itangodutsa 2 koloko masana ndi mphindi khumi, pamene alamu ya moto inalira pasukulu yathu ku North York, kutsidya kwa nyanja. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Giredi 8, ndipo ndinali nditangotha miyezi isanu m'dziko muno chichokereni ku Ntcheu.

Alamuyo inandipeza m'kolido, ndikuchokera kuchimbudzi. Kabokosi kofiira kamene munthu amakoka kuti alamu ilire kanali pakhoma, pafupi ndi pamene ndinali. Ndinamva mapazi a munthu akuthamanga kutsika masitepe, koma nkhope sindinaione. Ine ndinangoima. Kwathu belu likalira nthawi yosayenera, mwana wasukulu ankaima n'kudikira kuuzidwa chochita. Mphunzitsi woyamba kutuluka m'kalasi anandipeza choncho, ndili ndekha pafupi ndi kabokosiko ngati mbuzi yapachingwe.

Sukulu yonse inatuluka panja popanda majekete. Tinaima m'chipale chofewa pafupifupi theka la ola, makutu akuwawa ngati akudulidwa ndi lezala, mpaka ozimitsa moto anafika n'kunena kuti kulibe moto. Titalowa, anandiitana ku ofesi ya wachiwiri kwa ahedi.

Ndinalowa monga ndinaleredwera. Pakhomo ndinapinda maondo pang'ono, manja ndinaika kumbuyo, maso pansi. Mpaka lero nsapato za bamboyo ndimazikumbukira: zofiirira, zili ndi mzere woyera wa mchere umene amathira m'misewu nyengo yozizira. Anandifunsa m'Chingerezi ngati ndine ndinakoka alamu. Ndinati ayi, bwana. Anati ndimuyang'ane. Ndinayesa, khosi linakana. Chibadwire ndinkauzidwa kuti mwana woyang'ana wamkulu m'maso ndi wamwano, wosalangidwa kwawo, ndipo zimenezo sizichoka m'thupi chifukwa choti munthu walamula kamodzi. Ananenanso, mawu atakwera. Mawu a wamkulu akakwera, mutu wa mwana wa kwathu umatsikiratu.

"Munthu wosalakwa amayang'ana mnzake m'maso," anatero. "Iwe wadziulula wekha."

Anandipatsa pepala. Pamwamba panali malo oti ndilembe kuti ndavomera mlandu ndipo ndikupepesa, pansi malo oti kholo lisaine. Ndikabwera nalo m'mawa lili lodzaza, andiimitsa sukulu masiku atatu, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndikakana, nkhaniyo ipita patsogolo. Apa anatchula apolisi.

Ulemu umene ndinamupatsa ndi umene anandiweruza nawo. Chimenechi chimandipsetsabe mtima.

Bambo anga anali ahedi a sukulu ya pulayimale kwathu, ndiponso mkulu wa mpingo. Kuno masana ankaphunzira ku yunivesite, madzulo n'kukakolopa m'maofesi. Tinkakhala awiri mu fulati ya chipinda chimodzi, pa nsanjika yachisanu ndi chiwiri. Amayi ndi alongo anga awiri anali akadali ku Ntcheu, kudikira mapepala oti atitsatire. Bambo anawerenga pepalalo ali chiimire, jekete asanavule. Atafika pa mawu akuti apolisi, anakhala pansi.

"Unakoka?"

"Ayi, Bambo."

"Ndikudziwa kuti sunakoke. Lemba."

Ndinayesa kuti sindinamve bwino.

"Mapepala a amayi ako ali m'manja mwa anthu amenewa," anapitiriza. "Dzina lathu likangofika kupolisi, zatha. Masiku atatu n'chiyani? Ndife alendo, Wyson. Mlendo sakweza mutu."

Anasaina mbali yawo, cholembera n'kundiikira patebulo. Kenako anati tigwade, monga tinkachitira tsiku lililonse asanapite kuntchito. Tinagwada pa sofa yathu yakutha, imene inkanunkhabe fodya wa eniake oyamba.

"Atate, ife ndife fumbi," anayamba. "Ndife nyongolotsi, osayenera ngakhale kukweza maso athu kwa Inu. Tichitireni chifundo. Fewetsani mitima ya akuluakulu a dziko lino."

Pemphero limeneli ndinakula nalo, ndipo ndinkati Amen osaliganizira. Tsiku limenelo Amen sindinanene. Ndinaona kuti tsiku lonse ndakhalira kuwerama: kwa mzungu uja, kwa Bambo, ndipo tsopano kwa Mulungu amene anamuona bwinobwino wokoka alamu koma anangokhala duu. Ndinawakwiyira onse atatu. Koma Mulungu ndiye ndinamukwiyira koposa, chifukwa Iye analibe mapepala oti aziopera.

Bambo anatuluka 5 koloko. Linali tsiku lathu lochapa, choncho ndinanyamula basiketi n'kutsika pa chikepe kupita kuchipinda chapansi penipeni, kumene kunali makina ochapira a anthu onse a m'nyumbayo. Munkatentha, munkanunkha sopo ndi chinyontho. Zovala ndinkaziponya m'makina ngati ndikugenda galu wakuba. Chitseko ndinachimenyetsa.

"Iwe! Makinawo ni ya atate ako?"

Anali Anti Esnart, nesi wochokera ku Chipata ku Zambia, amene ankakhala nsanjika ya pamwamba pathu. Sanali m'bale wathu, tinkangoti Anti. Anali wamfupi, wazaka za m'ma 30, wapakamwa pakuthwa, ndipo Bambo ankati mapempheredwe awo ndi osadziwika mutu wake. Anali pabenchi akupinda mayunifomu, chingamu chili m'kamwa.

Ndinawafotokozera zonse, maso ali pasimenti. Nditamaliza anati, "Manje nkhani yonse wakambira pansi apa. Simenti yamva. Ine sininamve."

"Anti, mukundiseka."

"Niseke chani? Atate ako akuti bwanji?"

"Akuti ndilembe. Akuti ndife fumbi."

"Fumbi, inde, sananame. Koma nkhaniyo aisiyira panjira. Fumbilo linanyamuka bwanji mpaka kuyamba kumenyetsa zitseko za makina a anthu? Alipo amene anauziramo mpweya. Anabwera kudzautenga mpweya wakewo?"

"Ayi."

"Manje uli kuti?"

Anaimirira, anandigwira paphewa n'kundiimika kutsogolo kwa makina oumitsira zovala, aja okhala ndi chitseko chozungulira chagalasi. M'kati munalibe kanthu, munali mdima, ndiye galasilo linkaonetsa nkhope yanga: milomo yong'aluka ndi chisanu, maso otupa. Anatenga dzanja langa n'kuliika pachifuwa panga.

"Yang'ana uyo m'maso. Si wamkulu uyo, ni mnzako, sangakumenye. Manje pemphera. Koma usapemphe kanthu."

"Pemphero lopanda kupempha ndi pemphero?"

"Munthu ali m'nyumba mwako, umatuluka panja kukamukuwira? Kamba chabe zimene zilipo kale."

Anandiuza kuti m'wodi mwawo munkapezeka odwala ena okana kugwidwa ndi nesi wakuda. Ndiye asanayambe ntchito ankalowa m'bafa, n'kuima pagalasi, dzanja pachifuwa, n'kunena mawu awa, amene anandinenetsa ine:

"Mulungu ali muno. Mpweya uwu ndi wake. Choonadi chimene ndikuchidziwa, Iye akuchidziwira muno momwe, ndipo sichiopa munthu."

Ndinanena kamodzi, mothamanga, ngati mwana woloweza samu asakuimva. Kenako mkwiyo unasefukira.

"Ngati ali muno, nanga 2 koloko anali kuti? Pamene ankandinamizira anali kuti? Ndinaima ndekha mu ofesi muja, Anti! Ndekha!"

Chibadwire ndinali ndisanakalipirepo munthu wamkulu. Ndinadikira mbama. Anti anangopitiriza kutafuna chingamu chawo.

"Anali pomwepo, mu ofesi, m'chifuwa mwakomo," anatero. "Iwe unamuyang'anitsa nsapato."

Makina a anthu ena ankazungulira kumbuyo kwathu, mabatani a malaya akugunda chitsulo. Ndinanenanso mawu aja. Kachitatu, kachinayi. Sindinaone moto, sindinamve mawu ochokera kumwamba. Chimene ndinamva ndi chifuwa changa chikukwera ndi kutsika pansi pa dzanja, pachokha, ine osachiuza. Ndinadzifunsa kuti akuchikweza ndani. Mnyamata wa m'galasi uja sanathawitse maso.

"Ndiye ndisalembe?" ndinafunsa.

"Ine sinikuuza. Atate ako ni atate ako, ndipo mantha awo si abodza. Koma ukalemba, udziwe kuti mukusaina muli awiri." Ananyamula basiketi yawo. Pakhomo anacheuka. "Ndipo usamenyetsenso chitseko. Mpweyawo anauzira mwa iwe, osati m'makina. Akafa palibe adzawadzutse."

Zotsatira za kukana kwanga kulemba ndizinene mwachidule. Anandiimitsa sukulu masiku asanu m'malo mwa atatu. Apolisi sanabwere. Lero ndimaona kuti wachiwiri kwa ahedi uja anangowatchula pofuna kuopseza mwana, osalabadira kuti akuopseza banja lonse mpaka ku Ntcheu. Wokoka alamu sanapezeke. Bambo anatha masabata awiri osandilankhula, kupatula kundiuza kuti chakudya chapsa, ndipo tsiku lililonse ankatsegula bokosi la makalata, kudikira kalata yoipa imene sinabwere. Amayi ndi alongo anga anafika chaka chotsatira. Zikanaipa, ovutika akanakhala iwo, osati ine. Zimenezo ndikuzidziwa, ndipo sindidzitama.

Tsopano ndadutsa zaka makumi anayi. Ndimayang'anira anthu okweza ndi kutsitsa katundu m'nyumba ina yaikulu yosungiramo katundu ku Brampton. Bambo anabwerera kumudzi, ndipo tinawaika komweko. Mkwiyo wanga pa iwo unasanduka chisoni. Munthu amene ankati akatsokomola sukulu yonse n'kukhala zii, dziko lino linamufikitsa popempha mwana wake kuti aname. Koma mkwiyo wanga pa ofesi ija sunathe, ndipo sindikufuna kuti uthe. Munthu wophunzira, wolembedwa ntchito yodziwa ana, sanafunse ngakhale kamodzi chifukwa chake mwana uyu akuwerama. Kufunsako kukanamutengera mphindi imodzi. Ndimadzifunsa kuti ndi ana angati oleredwa bwino amene analemba mapepala otere, n'kukula akukhulupirira kuti malo awo ndi pansi. Ine kuntchito munthu watsopano akandiyankha maso ali pansi, ndimayamba ndamufunsa kumene achokera.

Kugwada sindinasiye. Fumbi ndine, ndipo imvi zimandikumbutsa. Koma m'mawa uliwonse ndisanatsike m'galimoto, ndimatembenuza kagalasi koonera kumbuyo, dzanja pachifuwa, n'kunena mawu aja katatu. Chimene ndamvetsa n'chakuti ulemu ndi kudzinyoza si chinthu chimodzi. Wamkulu ndingamulemekeze, koma ndilibe ufulu wotukwana nyumba imene Mulungu anasankha kukhalamo, kapena kuinamizira mlandu kuti wina agone bwino.

M'mawa wa Lachitatu lija zonsezi sindinkazidziwa. Ndinali ndi mawu aja basi, ndi pepala. Bambo anali ataliika pafupi ndi kapu yanga ya tiyi, cholembera chili pamwamba. Ndinalipinda n'kuliika m'thumba. Iwo anayesa kuti ndikalembera kusukulu, ndipo ine sindinawauze kanthu. Nditafika ndinayamba ndalowa kuchimbudzi, ndinaima pagalasi, n'kunena mawu aja. Kenako ndinapita ku ofesi ya wachiwiri kwa ahedi.

Ndinagogoda, ndinapinda maondo pakhomo, ndipo pepala ndinapereka ndi manja awiri monga ndinaleredwera. Bamboyo analitambasula. Anaona siginecha ya Bambo pansi, pamwamba pali poyera. Anafunsa kuti chimenechi n'chiyani.

Ndinaona nsapato zija ndi mchere wake. Ndinakoka mpweya, ndinakumbukira mwini wake, ndipo ndinakweza mutu pang'onopang'ono, kudutsa lamba, kudutsa tayi, mpaka ndinafika. Maso ake anali otuwa, ofiira m'mbali, maso wamba a munthu. Ndinawayang'ana osaphethira, ndipo m'Chingerezi changa cha ku Ntcheu ndinati:

"Bwana, alamu ija sindinakoke. Sindilemba."