Kakhomo ka Akamba pa Ukonde wa Darryl

Anti Merle asoka maukonde ogwirira mapuloni, tinkhanu tam'nyanja, padoko la asodzi la Karumba kwa zaka makumi atatu, mpaka zala zawo zinapindika. Pa ukonde uliwonse amasokererapo chitsulo chamipiringidzo. Mapuloni amadutsa m'mipata n'kukodwa mu ukonde, koma kamba wa m'nyanja akagundapo amatsetsereka n'kutulukira pakakhomo kapamwamba.

Lachiwiri lina m'mawa kunafika Shanelle, khanda lili pachifuwa, ukonde wa mwamuna wake Darryl uli m'galimoto. Maso ake ankangothamangira kumsewu.

"Anti, tsekani kakhomoka, palibe angadziwe. Mapuloni akuthawira pomwepo. Mwini boti wati Darryl akabweranso chimanjamanja, ntchito yatha."

"Ndiye akamba azifera mu ukonde? Oyendera maukonde a boma akakupezani, botilo lidzaolera padoko. Takhala pamthunzipo ndi mwanayo, ukunjenjemera ngati injini yakale."

Anti Merle anafuna kupitiriza kukalipa, koma anaona kuti mtsikanayo sakupeza tulo. Anatambasula ukondewo, n'kugwada, n'kuyeza chitsulocho ndi chikhato. Kenako anaseka.

"Anasoka ndani apa?"

"Darryl, anasoka yekha ali panyanja."

"Mwamuna wakoyo manja ake ndi ophikira tiyi basi! Chitsulo wachigoneka kwambiri, n'chifukwa chake mapuloni akutsatira akamba. Vuto si khomo ayi."

Anadula ulusi wonse n'kuimika chitsulocho bwino, Shanelle atagwira mbali inayo. Kakhomo kaja anakasiya kotsegula.

"Nanga akapandanso kugwira?" anafunsa Shanelle chapansipansi.

"Mwini botiyo abwere adzatukwane ineyo. Ukonde wake woyamba ndinamusokera asanamere n'komwe ndevu."