Chisanu Chimene Tinamukhalira Chete Zaina

Mwezi wa Juni ku Lichinga umanunkhira utsi wa nkhuni za paini. M'mawa nkhungu inkatsikira pa dera lathu la Chiuaula n'kuphimba madenga a malata, ndipo tinkapita kusukulu manja tawabisa m'khwapa, fumbi lofiira litalowa m'ming'alu ya zidendene. Mayi ankandiikira mbatata yootcha m'thumba la juzi, ndipo ndinkaifumbata mpaka pachipata, osaidya. Chaka chimenecho ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo pa desiki ndinkakhala ndi Zaina.

Zaina sankayang'ana munthu m'maso. Belu likalira ankatseka makutu, ndipo ukamupatsa moni ankayamba wakhala kaye chete ngati yankho akulifunafuna m'thumba. Anzathu ankati ndi wozerezeka. Ine ndinali wamanyazi, choncho kukhala chete kwake kunkandipumitsa. Tsiku lina anandiona ndikulemba m'kabuku kanga ka zochitika za tsiku ndi tsiku, nandifunsa ngati n'zololedwa kulemba zimene anthu anena. Ndinati inde, ndipo ndinamupatsa kaderno yanga yatsopano, kope lolembamo la chikuto chabuluu.

Pasukulu pathu panali Chingerezi cha mitundu iwiri. China chinali cha aphunzitsi, cha pabolodi, chimene tinkachiimba tonse pamodzi koma panja palibe ankachilankhula. China chinali cha Joana ndi anzake, ana a mabanja amene anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo n'kubwerako. Iwowa ankachilankhula mothamanga pa nthawi yopuma, akudula mawu, akuponyamo "eti" ndi "basi". Chinkaseketsa, chinkatukwana, chinkapempha nthuli ya mandasi. Aphunzitsi ankachitcha Chingerezi cha pamsika, ndipo ankati akadzamva wina akuchilankhula adzamuthyola zala.

Zaina anakonda cha Joana. Ankaima pafupi ndi mtengo wa bulugama pamene atsikana ankachezera, n'kumalemba chilichonse monga momwe chatulukira pakamwa: dzina la wonena, mawu ake, ndi zimene winayo wayankha. Sankakonza kanthu. Pobwerera kunyumba ankabwereza mawuwo chapansipansi ndi liwu lenileni la Joana, mpaka kaseko kake komwe.

Amene anaulula ndine. Aphunzitsi anali atandiimika kutsogolo chifukwa ndinalephera kuyankha funso, kalasi yonse ikuseka, ndipo anafunsa ngati pa desiki yathu pali ngakhale mmodzi wochita khama. Ndinkangofuna kuti maso onsewo achoke pa ine. Ndinanena kuti Zaina ali ndi kaderno yodzaza ndi Chingerezi.

Anailanda n'kuyamba kutsegula masamba pang'onopang'ono, akumwetulira. Anati uyu ndiye mwana wanzeru, wawagwirira owononga chilankhulo onse. Kenako anayamba kuitana mayina. Aliyense wotchulidwa ankapita kutsogolo, kumva chiganizo chake chikuwerengedwa monyoza, kuchinenanso monga mwa buku, kenako kutambasula dzanja. Rula pa zala zozizira imalira mosiyana ndi m'chilimwe. Dzina la Joana linali pafupifupi pa tsamba lililonse. Atatha, aphunzitsi anafunsa Zaina ngati zolembazo zinali zoona. Iye anayankha kuti inde, n'kuwakumbutsa kuti adumpha tsamba limodzi.

Joana sanamumenye. Anangolamula kuti Zaina akayandikira, aliyense azitseka pakamwa. Akafika pa bulugama paja, nkhani inkaduka pakati pa liwu, n'kumangomveka mphepo m'masamba. Iye ankayenda gulu ndi gulu, kupereka moni wa Joana m'liwu la Joana, n'kudikira yankho limene ankalidziwa pamtima. Atsikana ankamuyang'anitsitsa dala m'maso, podziwa kuti zimamupweteka, mpaka ayambe kugwedeza manja ake ngati akukutumula madzi. Akatembenuka, kuseka kunkayambira pomwe kunalekera.

Ine Joana anandipeza ndekha, zala zake zikadali zotupa. "Iwe Tereza, sankha. Ukakhala naye, tikukhalirani chete nonse awiri."

Ndinasamukira pa desiki yakumbuyo. M'kabuku kanga, masabata amenewo, ndinalemba za nkhungu, za nyemba zimene mayi ankapuntha pabwalo, za nsapato yanga yong'ambika. Dzina la Zaina mulibe.

Lachisanu lina anandipeza pampopi ndikusamba m'manja. Anaima pambali, maso ali pa matope a pamapazi anga.

"Tereza, ndalakwitsa liwu liti? Ndiuze, ndikonza."

Joana anali pakhonde, akuyang'ana. Ndinatseka mpopi, ndinapukuta manja pa siketi, ndinachoka.

Titatsegulira sukulu pambuyo pa tchuthi, Zaina sanabwere. Mayi ake, amene ankagulitsa usipa wouma pamsika, anauza mayi anga kuti mwanayo wasiya kulankhula ngakhale kunyumba, Chiyao chomwe. Fumbi la Ogasiti lisanathe anamutumiza kwa amalume ake, ndipo sindinamuonenso. Kadernoyo aphunzitsi anaisunga, ndipo chaka chonse ankatengamo zitsanzo za mmene munthu sayenera kulankhulira.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza ngati ena onse, kuti Zaina anali kazitape ngakhale mosafuna, ndiponso kuti Chingerezi cha Joana chinali cholakwikadi. Liwu loti autizimu, dzina la chibadwa chonga cha Zaina, ndinalimva ndili kale mayi wa ana. Masiku ano ndikakumana ndi amalonda ochokera ku Malawi, Chingerezi chimene timamvana nacho ndi cha Joana chija. Ndipo ndikudziwa kuti Zaina sankasaka zolakwa za munthu. Kucheza, kumene ife tinkangokutola osadziwa, iye ankakuphunzira mzere ndi mzere, kuti tsiku lina adzaime nafe pagulu, anene mawu, wina amuyankhe. Anali atatsala pang'ono.