Mtondo Wanga Unalowa M'kalasi

Mwana wanga wa ku Lilongwe anandilembetsa maphunziro a pa foni, akuti sukulu ilibe ukalamba. Kuno ku Kande netiweki imagwira pansi pa mtengo wa mango basi, pomwe pamakhalanso mtondo wanga. Tsiku lina mphunzitsi atachulutsa zonena, ndinatsamiritsa foni pamuzu n'kuyamba kusinja chinangwa, uku ndikudandaula mokweza: "Kamnyamata aka kamalongolola ngati wailesi!"

Atanditchula dzina ndinathamangira foni. "Pepani aphunzitsi, netiweki inathawa."

"Sinathawe, amama," anatero mwaulemu. "Tonse tamva mtondo wanu, ndi za wailesi zomwe."

Nanga bwanji osandiuza poyamba kuti chinthuchi chili ndi makutu? Mpaka lero anzanga a m'kalasi moni wawo ndi wakuti, "Kondowole wapsa?"